Ndege Imene Inasokoneza a Bennet Thole

Amalume anga, a Bennet Thole, ankadziwa ng'ombe kuposa aliyense ku Edingeni. Nkhunzi zikamenyana kudambo, oweruza anali iwo, ndipo ulemu wawo wonse unali pomwepo, poti kumunda anali aulesi osasimbika. Lamulo linali limodzi: yatembenuka n'kuonetsa mchira, yagonja.

Ndiye kunabwera nkhondo ya Mataliyana, amalume n'kupita ndi asilikali a Keyala mpaka ku Abisiniya. Tsiku lina ndege ziwiri zinakumana pamwamba pawo. Anzawo analowa pansi pa malole, koma iwo chidwi chinawakhomera poyera, khosi lili m'mwamba.

Ya Mataliyana inali ya mapiko osanjikizana, yochedwa, koma yokhota msanga ngati nkhunzi ya miyendo yaifupi. Ya Angelezi, ya mapiko awiri okha, inali yaliwiro koma youma pokhota. Inawombera kamodzi, n'kudutsa, n'kuthawa.

"Mbwenu tafwa, yathu yagonja!" anakuwa amalume.

Sinagonje ayi. Inakwera kutali, n'kutsika mochokera kudzuwa, ndipo inzake ija inagwa ikufuka utsi.

Zimenezi zinawadya mutu moyo wonse. Atabwerera, ankafunsa aliyense paboma la Mzimba, kaya kalaliki kaya dalaivala, kuti choposa n'chiyani, kukhota kapena liwiro. Ine ankandionetsa kauluke ka ndege zija ndi zikhatho zawo ziwiri m'mwamba mpaka ndinkawathawa.

Vuto linabuka kudambo. Nkhunzi ya a Gordon Shaba inapirikitsa ya mudzi wina anthu ali thothotho, onse n'kutembenukira kwa amalume.

"Lindani dankha, dikirani kaye, ikhoza kubwera," iwo anatero.

"Ibwera kuchokera kuti, adada? Mchira tauona tonse!" anakalipa a Shaba.

"Ine naneso nkhauona mchira ku Abisiniya. Dikirani."

Anthu anadikira, mwaulemu chabe. Nkhunzi yothawa ija inali itafika kale kwawo, ikubzikula m'khola. Zitachitikanso kawiri, anthu anasiya kuwafunsa, ndipo ankangoweruza okha ndi mfuu. Zinandipweteka, ngakhale ndinkaseka nawo.

Amalume sanasiye kupita kudambo. Ankaima kumbuyo kwa gulu, opanda wowalankhula. Anthu akamabalalika, iwo ankatsala okha, dzanja pachipumi, akuyang'ana njira imene nkhunzi yogonja yalowera.