Bwalo la Mpira Kuseri kwa Komboni

Ndinakwatiwa nthawi yomwe mawu akuti Chitaganya, chija chophatikiza dziko lathu ndi maiko oyandikana nalo pansi pa azungu, anali atangoyamba kumveka, tauni yathu ikutchedwabe Foti Jemusoni. Kwathu kunali ku Madzimoyo. Amuna anga anali telala, ndipo makina awo ankakhala pakhonde la sitolo ya mkulu wina wachisilamu amene makolo ake anachokera ku Nyasalande. Tinkakhala m'komboni pamodzi ndi apongozi anga, amayi awo.

Kuseri kwa komboniko kunali malo a Boma otsetserekera kudambo. Panalibe nyumba. Azimayi ankalimapo madimba, aliyense kachigawo kake, popanda wowaloleza komanso popanda wowaletsa. Apongozi anali ndi mpiru, tomato ndi nzimbe. Dimbalo ndilo linkatipatsa ndiwo.

Amuna anga ankakonda mpira kuposa singano. Zinkawawawa kuona anyamata akusewera pamsewu, lole ikamabwera n'kubalalika ngati nkhuku. Azungu anali ndi bwalo lawo kumtunda, la kapinga wothirira, koma munthu wakuda ankalowamo atanyamula chikwakwa basi. Choncho amuna anga ndi anzawo ena, aphunzitsi, akalaliki ndi amesenjala, anapanga bungwe. Silinali la malonda ayi. Ankati bwalo likatheka lidzakhala la aliyense, lolowa ulere. Amuna anga ndiwo anasankhidwa kukhala wapampando.

Anapita kambirimbiri kwa mzungu woyang'anira komboni, atavala jekete lodzisokera okha. Potsiriza mzunguyo analola. Anati malowo wangowabwereka, ndipo pakhale mpira wokhawokha.

Tsiku limenelo anafika pakhomo akuseka okha. Apongozi anamvetsera akusankha nyemba m'lichero, osadzutsa mutu.

"Nanga dimba langa?" anafunsa.

"Amayi, tikupezerani pena."

"Pena pati? Iwe, mpirawo udzaudya?"

Amuna anga anangokanda mutu. Malo enawo sanapezeke. Azimayi omwe anataya madimba anandikwiyira ine, ndipo kumpopi ena analeka kundipatsa moni.

Ntchito inatenga chilimwe chonse. Loweruka lililonse masana amuna ankazula zitsa, ife n'kumatuta dothi m'madengu. Pakati penipeni panali chulu chachikulu cholimba ngati mwala, chomwe chinathyola mipini yambiri. Ine ndinali ndi pakati pa mwana wanga woyamba, koma ndinkasenza nawo, poti mkazi wa wapampando akanakhala pansi anthu akanati chiyani? Tsiku lodula nzimbe za apongozi ndinawabweretsera mtolo. Anauyang'ana n'kunena kuti, "Kapatse ana a eni bwalowo." Kubwaloko sanapondeko mpaka imfa yawo.

Mvula itagwa tinakazula kapinga kudambo n'kumubzala ndi manja. Mkulu wa sitolo uja anapereka mitengo ya bulugamu ya magolo ndi mpira wachikopa. Masewero oyamba tinasewera ndi anyamata a ku Mtenguleni, omwe anabwera wapansi akuimba nyimbo zachingoni, alongo awo akuwomba m'manja pambuyo. Komboni yonse inali pomwepo. Amuna anga ankathamanga ndi wezulo pakamwa, thukuta lili kamukamu. Tinagonja, koma palibe anadandaula. Amuna anga sindinawaonenso akusangalala ngati tsiku limenelo.

Zaka zotsatira mitima ya anthu inatentha ndi nkhani ya Chitaganya. Otsutsa ankasowa pochitira misonkhano, ndipo malo aakulu a anthu akuda m'tauni monse anali bwalo lathu lokha. Lamlungu lina mpira utangotha, anthu asanabalalike, mwamuna wina wachilendo anakwera pamgolo n'kuyamba kulankhula. Zomwe ankanena zinali zoona, ngakhale amuna anga ankazinena kunyumba. Komabe anapita kukamugwira mwendo wa thalauza.

"Chonde, akulu, osati pano. Mutiphera bwalo."

Munthuyo anawayang'ana ali pamwamba pomwepo, n'kufunsa mokweza kuti onse amve: "Kodi inu a telala, muli mbali iti?"

Anthu anaseka, ena anakuwa. Msonkhano unapitirira mpaka apolisi anafika, aliyense n'kuthawira kwake.

Mawa lake mzungu uja anaitanitsa amuna anga. Sanafune kumva zoti iwo analetsa. Anati bungwelo linali chophimba chabe cha ndale, ndipo amuna anga anagona m'chitokosi masiku angapo. Atatuluka msanga chotero, m'komboni munayamba manong'onong'o akuti ndi kazitape, kuti wagulitsa anzake. Boma linkawayesa woukira, anzawo n'kumawayesa wa Boma. Aphunzitsi ndi akalaliki a m'bungwe muja, poopa kuchotsedwa ntchito, ankati akawaona kutsogolo n'kukhotera njira ina.

Bwalo a Boma analitchinga ndi waya waminga. Kenaka anayamba kuimikamo malole okonza misewu, n'kuthiramo milu ya miyala ndi migolo ya phula. Dzinja limodzi lokha linakwana: matayala anakumba mikwasa, madzi n'kudzaza, kapinga yense n'kusanduka matope. Magolo wina anawazula n'kukasonkhera moto.

Pakhonde la sitolo nsalu zinaleka kubwera. Mwini sitolo ankawapatsa amuna anga tintchito tosoka matumba kuti asangokhala, koma sizikanadyetsa banja. Amuna angawo ankaweruka dzuwa likadalipo, n'kukaima pa waya uja manja ali kumbuyo, kenaka n'kubwera kunyumba. Tsiku lina apongozi anawauza kuti, "Ukanandisiyira mpiru wanga, bwenzi tikudya." Sananene mokalipa. Amuna anga anaika mbamu ya nsima pansi n'kutuluka panja.

Patapita miyezi ingapo anagulitsa makina n'kukwera lole yopita kumigodi. Anati akakapeza nyumba adzatiitana. Sanatiitane. Ine ndinayamba kuchapa zovala kumayadi, ndipo apongozi ndinawadwazika ndekha, ndinawaikanso m'manda mwana wawo kulibe.

Amuna anga anabwerako Chitaganya chitatha, mbendera itasintha, ali woonda ndiponso akutsokomola. Waya anali atachotsedwa, koma malowo anali atayamba kale kugawidwa mapoloti, ndipo cha kumunsi kunali maziko a nyumba. Anyamata ena, omwe anali ana pamene tinkatuta dothi, anabwera kudzawapempha kuti awatsogolere kukadandaula kwa akuluakulu atsopano, mwina kachigawo kotsalako kangapulumuke. Anawamvetsera ali gone pamphasa.

"Kafunseni ena, ana anga," anatero. "Ine ndatopa."

Anyamatawo anakhalabe pang'ono, akuyang'anana. Kenaka anatsanzika, ndipo ine ndinawaperekeza mpaka pamsewu. Sanapeze wina wowatsogolera. Amuna anga anamwalira mvula ya chaka chomwecho isanagwe.