Nthenga ya Pachitofu

Pakhoma la nyumba yathu, pamwamba pa chitofu, panali msomali, ndipo pamsomalipo pankalendewera nthenga ya nkhuku yomangidwa ku ulusi wakuda. Inali nthenga wamba, yoyera, ya pachifuwa, koma palibe ankaiseweretsa. Mwini wake anali amalume. Alendo akaiona ankayesa ndi mankhwala otsirikira nyumba, ndipo amayi, munthu wa korona m'khosi, ankachita nayo manyazi.

Chitofucho chinali chachitsulo, cha miyendo inayi, chakuda bii. Amalume anagwirapo ntchito kumishoni, yosonkha moto wa madzi osamba ndi kukonza zitofu, ndipo popuma ntchito anapatsidwa chimodzi chimene chinali chitatayidwa kuti chatha. Anachimata ming'alu ndi dothi la pachulu losakaniza ndi phulusa, n'kuchiika m'nyumba ya mlongo wawo, amayi anga, chifukwa pabanja pathu ndi yokhayo inali ya malata. Malatawo anagula ndi abambo, amene nthawi imeneyo anali atabwereranso kumigodi ku Joni. Paipi yake inkakwera pang'ono, n'kupindika ngati chigongono, n'kuboola khoma kukatulukira panja.

Amene sanagonepo ku Bembeke mwezi wa Juni m'nyumba ya malata asandiuze za kuzizira. Madzi a mumtsuko ankaluma mano. Nkhungu inkafika mpaka pakhonde osaona ngakhale mtengo wa mapichesi, ndipo miyendo yathu inkatuwa n'kung'ambika zikang'a. Choncho chitofu chija tinkachinyadira, ndipo ine ndinkachitchula mwamatama kusukulu ngati tili ndi galimoto.

Chaka chilichonse mu Meyi, chisanu chisanafike, amalume ankabwera ndi nsungwi yaitali yomangidwa chiguduli kunsonga. Ankazula chigongono chija m'kati mwa nyumba, n'kukolopa mwaye wonse wa m'paipi, n'kumatanso polumikizira. Ntchitoyi sinkatheka kugwirira panja. Akatha ankasonkha moto, n'kutenga nthenga ija n'kuilendewetsa pakamwa pa chitofu. Ikakokedwera m'kati, ankagwedeza mutu. "Chikupuma," ankatero. "Tsiku limene nthenga idzatulukire kwa inu, zimitsani moto, tulukani panja."

Chaka chimene ndikukamba ndinali ndi zaka khumi. Amayi anali oyembekezera, ndipo aliyense ankati mwana abwera mu Julayi. Amalume anatanganidwa ndi kukumba mbatata ya kachewere, ndiye za paipi zinali za mawa, mawa. Mwana sadikira mawa la munthu. Anabadwa pakati pa Juni, Lamulungu m'mawa, wamwamuna, wamng'ono ngati botolo, ndipo nyumba yathu inasanduka chikuta.

Tinali Akatolika, inde, koma chikuta chinali chikuta. Mayi ndi khanda ankabindikira m'nyumba mpaka mchombo utagwa, ndipo munthu wa pabanja, amene ankatchedwa wotentha, sankaloledwa kuponda pakhomo. Akalowa, ankati amudula mwana, ayamba kutupa ndi kutsokomola mpaka kumwalira. Ololedwa tinali awiri: azamba, amene anali okalamba, ndi ine, mwana wozizira. Amalume anali ndi akazi awo. Nsungwi yawo inatsamira pankhokwe.

Azamba aja sindiwanena zoipa. Theka la mudzi wathu linagwera m'manja mwawo, ineyo ndiponso. Mdani amene ankamudziwa anali chisanu, chifukwa chinali chitawalanda makanda angapo, ndipo analimbana nacho monga ankadziwira. Anandituma kutola nsanza, tinatseka pansi pa chitseko, m'mphepete mwa zenera, ndi timabowo tiwiri ta mpweya tapamwamba pa khoma. Anati utsi wa nkhuni uwononga maso a mwana, choncho anayamba kuthira makala, n'kumasiya chitseko cha chitofu chotsegula kuti kutentha kutuluke bwino. M'nyumbamo munafunda zedi. Ndinkagona osadzipinda, ndipo ndinkasangalala.

M'mawa uliwonse amalume ankabwera n'kuima pansi pa mtengo wa mapichesi, manja m'khwapa, n'kundiitana. Anandisandutsa maso awo. Mafunso anali atatu, osasintha: "Nthenga yalowa kapena yatuluka? Pakhoma, pamwamba pa chigongono, pali mzere wakuda? Mutu ukukupweteka?"

Tsiku loyamba nthenga inalowa, koma mwaulesi. Lachiwiri inangoima osasuntha, ndipo ndinawauza. Nkhope yawo inagwa. Anaitana azamba pakhonde n'kuwapempha mwaulemu kuti azimitse moto kapena achotse nsanza m'timabowo. Ndimakumbukirabe yankho la azambawo: "Inu mumadziwa zitsulo, ine ndimadziwa ana. Mukufuna aume ndi chisanu?" Komabe anachotsa nsanzazo amalume akuona, ndipo atangotembenuka kupita kumunda anandikweza pampando kuti ndizibwezeretse. Ndinabwezeretsa. Nanga mwana angakane azamba?

Asanachoke tsiku limenelo amalume anandigwira paphewa n'kunena kuti tsiku limene mutu udzandipweteke, sindipita kulikonse, ndidzakhala pakhomo mpaka onse atatuluka m'nyumbamo, anthu anene zimene anganene. Iwo ankafuna kunditeteza. Sankadziwa kuti akundipatsa chifukwa chonamira.

Kusukulu tinali pakalikiliki kukonzekera chikondwerero cha pa 6 Julayi. Masamu anaima, chilichonse chinaima, zinali nyimbo ndi kuguba basi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu. Ine ndinasankhidwa kukhala kutsogolo, woyambitsa nyimbo, ndipo panali mtsikana wina wamtali amene ankadyerera maso malo angawo. Aphunzitsi ankaitana mayina kawiri patsiku. "Wojomba akafotokoze yekha kwa akuluakulu a chipani chifukwa chimene sakufunira kuimbira dziko lake," ankatero, maso ali kumsewu. Lero ndimadziwa kuti nawonso ankanjenjemera, chifukwa mzere ukaperewera wofunsidwa anali iwo. Koma nthawi imeneyo ndinkangoona ndodo, ndipo m'maganizo ndinkaona abambo akulandidwa chiphaso chobwerera kwawo chifukwa cha ine.

Mwana uja anali wofatsa modabwitsa. Amayi a m'mudzi ankaima panja n'kumafunsa ngati m'nyumbamo muli khanda ndithu, poti silinkamveka kulira. Azamba ankanyadira, ine ndinkanyadira kuposa. Amayi nawo ankangogona, phala osamaliza, akumati mutu ukulemera, ndipo azamba ankati ndi mmene amachitira munthu wochira kumene. Mphaka wathu, amene chibadwire ankagona pansi pa chitofu, anasamukira kunkhokwe. Nyama inaona zimene anthu atatu sitinaone.

Lachinayi ndinadzuka mutu ukugunda ngati wina akusinja m'kati. Poimirira nyumba inazungulira. Pagalasi la zenera madzi anali kutsetsereka, ndipo pakhoma, pamwamba pa chigongono, panali mzere wakuda wowonda ngati mchira wa khoswe. Ndinatenga nthenga n'kuilendewetsa pakamwa pa chitofu. Inatulukira kwa ine, pang'onopang'ono, ngati ikundilozera. Ndinaibwezera pamsomali, ndinavala yunifolomu, ndinatuluka.

Amalume anali kale pansi pa mtengo.

"Nthenga?"

"Yalowa."

"Mzere?"

"Palibe."

"Mutu?"

"Sukupweteka, amalume."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana kukamwa kwa paipi, kumene sikunkatuluka kanthu. Koma makala satulutsa utsi wambiri, ndipo ine ndinali ndisanawanamizepo. Anatenga khasu n'kutsetserekera kudimba. Ndinanama katatu osaphethira, ndili ndi korona m'thumba. Mpaka lero ndikakumbukira ndimamva manyazi.

Tsiku lomwelo azamba anaitanidwa kumudzi wina kumene mayi wina anali atayamba kudwala. Anadzaza makala m'chitofu kuti akhalitse, anafunditsa amayi ndi mwana, anakoka chitseko n'kutsekera nsanza kunja kwake, n'kumapita.

Kusukulu ndinayambitsa nyimbo ziwiri. Pa yachitatu ndinasanza pamaso pa mzere wonse, ana anaseka, ndipo mtsikana wamtali uja anali atasuntha kale kubwera kutsogolo. Aphunzitsi anandigwira pamphumi n'kunena motsitsa kuti, "Pita kwanu, ndakulemba kuti unabwera." Ndinayenda ndikulira chifukwa cha malo anga. Panjira ndinazindikira kuti mutu wayamba kupepuka, ndipo ndinakumbukira mawu ena a amalume, akuti mutu wa chitofu umapola panja n'kuyambiranso ukalowa m'nyumba. Pamenepo ndinayamba kuthamanga.

Nditakankha chitseko mpweya wofunda unandimenya kumaso, wolemera, wonunkha ngati simbi yositira. Amayi anali chigonere chammbali, dzanja lili lende. Ndinawaitana, ndinawagwedeza, anangobuula osatsegula maso. Mwana anali phee. Sindinayese n'komwe kumunyamula, ndinathamangira kudimba ndikukuwa.

Amalume sanafunse kanthu. Anataya khasu, anandipitirira pachitunda ngati mnyamata. Atafika pakhomo anaima. Ndinawaona ndi maso angawa: anayang'ana pansi pamene pankathera khonde, anapuma kamodzi, anachita chizindikiro cha mtanda, n'kulowa. Anatuluka ndi mwana m'manja mwawo mwamatope n'kundipatsa ine. Anabwereranso n'kutuluka akukoka amayi m'khwapa, n'kuwagoneka paudzu wonyowa. Ulendo wachitatu anaphwanya zenera ndi mpini, n'kuthira mtsuko wonse wa madzi m'chitofu.

Anthu anali atasonkhana. Chimene ndimadabwa nacho mpaka pano n'chakuti azimayi oyamba kufika sanafunse ngati anthuwo ali moyo. Anagwira pakamwa chifukwa khanda la mchombo linali panja, ndipo linali litagwiridwa ndi munthu wotentha. Amalume sanawayang'ane. Anandilanda mwana, anamuvula nsalu, anamutikita pamsana ndi zala ziwiri, mphepo ya Juni ikumuwomba. Milomo yake inali yofiira kwambiri, yokongola moopsa. Patapita nthawi imene sindingathe kuiyeza, anakwinya nkhope n'kulira, kulira kwenikweni koyamba kuyambira tsiku lobadwa. Amayi anatsitsimuka pambuyo pake, anasanza, ndipo mpaka madzulo sankadziwa kuti ndi tsiku lanji.

Masana omwewo amalume anazula chigongono, poti mwambo unali utasweka kale. Munatuluka mwaye wodzaza beseni, ndipo kumapeto kwa paipi nsungwi inakankha chisa cha mbalame, udzu ndi nthenga zothinana ngati chitsekerero. Anapezanso mng'alu polumikizira, pamene pankachokera mzere uja. Anaumata, anazula nsanza zonse m'timabowo n'kuzitentha pabwalo, azamba atabwerako akuonerera.

Nkhani sinathere pamenepo. Mwana atakwana miyezi iwiri anayamba kutsokomola, monga amachitira makanda ambiri kwathu nyengo ya fumbi, ndipo mudzi unapeza chifukwa msanga: malume wake anamudula. Akazi awo a amalume ankapita kuchitsime anthu atachokako. Akuluakulu anati pachitike mwambo wa mankhwala kuti mwana apole, ndipo amalume, munthu woimba kwaya, anavomera, anachita zonse zimene anauzidwa, kenako anakalapa kwa ansembe chifukwa chochita zimenezo. Mwanayo anachira, ndipo ulemu unapita kwa mankhwala. Mpaka anayamba kuyenda, amalume sankaloledwa kumunyamula. Mchimwene wangayo lero ali ndi zidzukulu, ndipo amatsokomolabe Juni akafika ngati wina aliyense wa ku Dedza.

Aliyense wofunsa mmene zinakhalira, amalume ankamuyankha chimodzimodzi: "Cholakwa ndi changa, ndinachedwa kukolopa paipi mu Meyi." Anauza amayi choncho, anauza azamba choncho, anauza mwana wasukulu wowalembera kalata kuti alembere abambo ku Joni choncho. Za mafunso atatu a m'mawa uja sanauze munthu. Mzere wakuda anauona ndi maso awo, ndipo munthu wodziwa zitofu ngati iwo sakanalephera kudziwa kuti mzere wotalika choncho sutuluka pa maola atatu.

Ine tsiku lonse lija ndinkadikira chikwapu. Dzuwa likupendeka, atamaliza kumata, anasonkha moto wa nkhuni zouma n'kundiitana m'nyumba. Ndinalowa. Anachotsa nthenga pamsomali n'kundipatsa.

"Yesa."

Ndinailendewetsa pakamwa pa chitofu. Inakokedwera m'kati mwamphamvu mpaka ulusi unawongoka.

"Yalowa kapena yatuluka?"

"Yalowa, amalume."

Anali ataima pomwepo, akuiona okha, koma anayang'ana ine osati nthenga. "Chabwino," anatero. "Mawa ndidzakufunsanso."

Ndipo anabweradi, m'mawa uliwonse mpaka chisanu chinatha, kuima pansi pa mtengo wa mapichesi ngakhale tsopano akanatha kulowa n'kudzionera okha, kufunsa mafunso atatu omwe aja n'kukhulupirira mayankho anga. Ine ndinkabwerera m'nyumba mtima uli m'malo, ndikuthokoza Mulungu kuti amalume ndi munthu woiwalaiwala.