Yosefe Atagwa mu Bulugama

Chizindikiro choyamba ndinachiona Lachitatu m'mawa, mwana wanga Yosefe akulephera kunyamula khasu. Dzulo lake anali atagwa mu bulugama wa kuseri kwa shedi ya fodya, chingwe chitamudukira akusadza nthambi. Anadzuka yekha n'kunena kuti, "Amayi, palibe kanthu." Ine mawu a munthu sindiwakhulupirira, ngakhale wobereka ndekha. Ndinamuyang'anitsitsa. Anagwera nthiti, nanga bwanji ankadandaula phewa lamanzere? Madzi ankamwa pafupipafupi, m'zikope mutayera.

Masana anachita chizungulire. Mkazi wake amvekere timuthowe ndi madzi otentha. Ndinakana, tinamukweza galimoto pa Dzoole.

Kuchipatala anamwino anamuyeza kuthamanga kwa magazi kawiri, n'kumudumphitsa mzere. Atamuunika m'mimba, adokotala anati, "Kapamba wang'ambika, magazi akutayikira m'kati. Akanagona kunyumba lero, sakanadzuka." Anamuchita opaleshoni madzulo omwewo. Tinakhalako masiku asanu ndi anayi, ine ndikufunsa dzina la piritsi lililonse asanameze.

Chingwe chija ndinali nditachinyamula m'chikwama, poganiza kuti a Gwaza, amene timakangana nawo malire, anachicheka. Pabedi loyandikana panali bambo wina wa ku Ntchisi amene anakalambira pantchito yodula mitengo. Ndinawaonetsa. Anachipotokola, ulusi wake n'kumayoyoka.

"Agogo, apa sipanadutse mpeni. Ichi n'cha ngolo, dzuwa linachidya kale. Achimwene, munamanga pati?"

Yosefe anavomera kuti anamanga kunthambi, ndipo mbali ina ya chingwe chomwecho ankatsitsira nthambi yodulidwayo.

"Chingwe cha munthu chimazungulira thunthu, pamwamba pa mphanda yamoyo, kupitirira mutu wanu. Muyambe mwachilendewera muli pansi. Nthambi ikhale ndi chake."

Nawonso sindinawakhulupirire msanga. Ndinawapempha amange mfundo imene iwo amamanga mumtengo pachitsulo cha bedi, katatu konse, ine ndikukoka ndi mphamvu zanga zonse. Sinamasuke. A Gwaza sindinawapepese, poti sanadziwe zomwe ndinkawaganizira.

Papita miyezi inayi. Yosefe akulima pang'onopang'ono, mumtengo sanakwerenso. Popeza kapamba anamuchotsa, anatilangiza kuti thupi likangotentha azithamangira kuchipatala. Inu, munthu akagwa mumtengo n'kudzuka akuseka, musadikire kuona magazi. Mwana wanga analibe bala ngakhale limodzi. Pitani naye tsiku lomwelo, akane asakane.