Fungo la Ampu Yaikulu

Ndinali ndi maampu awiri a gitala, onse a mababu. Kakang'ono ndinkakanyamula ndi dzanja limodzi. Yaikuluyo inkafuna amuna awiri, ndipo wakabaza akangoiona ankayamba kudandaula za matayala ake. Amene sanaonepo ampu yotere ndimuuze: kumbuyo kwake kuli timababu tagalasi tomwe timafiira ngati makala, ndipo siitulutsa mawu isanatenthe. Ukaiyatsa umayamba wadikira.

Iliyonse inali ndi kwawo. Kakang'onoko kankakoma m'nyumba, m'kalasi, m'tchalitchi cha malata. Ukakatsegula pang'ono kankalira mofewa, osapondereza mawu a oyimba. Koma ukapita nako pabwalo kankasowa, mphepo yochokera kuphiri inkangotenga mawu onse. Yaikuluyo inali ya panja: pa maukwati, pa mpira, ndiponso Loweruka masana pakhonde la bala ina ya pa Chonde. Inali ndi khalidwe lake loipa. Ukaichepetsa inkamveka ngati munthu wachimfine, inkafuna uitsegule ndithu kuti ibangule. M'nyumba ya malata sinkafunika n'komwe, chifukwa denga lonse linkayamba kunjenjemera. Zonsezi ndinkazidziwa bwino, palibe amene akanandiphunzitsa.

Popeza inali yolemera, yaikuluyo inkagona kubala komweko, kuseri kwa makireti. Tikamayimba, zidakwa zinkaiyesa tebulo. Pankakhala mabotolo, mapaketi a masese, ndudu, ndipo zotayika zinkalowa m'nsalu yakutsogolo mpaka m'matabwa. Ine ndinkangopukuta pamwamba. Ikazizira sinkanunkha kanthu, ndipo ikatentha kubalako ndani akanamva, poti malo onse fungo linali lomwelo.

Nthawi imeneyo ndinkafunsira mbeta ku Milonde. Nkhoswe wanga anali amalume anga, munthu amene anakalambira m'minda ya tiyi, dengu kumsana, ndipo mowa sanaulawepo chibadwire. Ngakhale thobwa logonera ankalikana. Atapita kwa eni mbeta anawauza kuti mwanayu amayimba gitala kutchalitchi, ndipo sananame, Lamlungu lililonse ndinkayimbadi. Za Loweruka sanazitchule. Ankazidziwa, sankazikonda, koma ankati ntchito ndi ntchito bola pakamwa panga pakhale pouma.

Mwini mbeta, amalume ake a mtsikanayo, anali mkulu wa mpingo, munthu wosaseka wamba. Yankho sanapereke. Anangoti mpingo wawo uli ndi tsiku la makwaya, mnyamatayo abwere adzathandize kwaya ya amayi, anthu amuone. Tonse tinamva tanthauzo lake: ukwati wanga unali pa tsiku limenelo.

Maganizo anga anaima pakati pa maampu awiri aja, mutu ukundiuza kuti tenga kakang'ono, mtima ukuti anthu a ku Milonde aone kuti mkamwini wawo si wamasewera. Ndinakatenga yaikulu kubala kuja. Amalume anga ataiona ikumangidwa panjinga anangofunsa kuti, "Kodi tikusamuka?" Ndinaseka. Walira mvula walira matope.

Unali mwezi wotentha, dzuwa lija loti malata amachita kulira okha. Tchalitchi chinadzaza mpaka m'mawindo. Ampu ndinaiika kutsogolo, mbali ya amuna. Pulagi ya pakhoma inali yogwedera, ukangoisiya magetsi ankaduka, ndiye amalume anadzipereka kukhala pampando pomwepo kuti aziigwira. Anakhala kuseri kwenikweni kwa ampu, kumene kumatulukira kutentha, atavala jekete lawo limodzi lomwelo lapaukwati ndi pamaliro.

Nyimbo yoyamba ndinaichepetsa, ikumveka zachimfine zija. Yachiwiri ndinapsa mtima n'kuitsegula. Denga linayankha, fumbi likugwera pa mipango ya amayi, ndipo wotsogolera kwaya ananditembenukira ndi diso loti bambo inu. Ndinaganiza kuti manyazi a tsikulo ndi omwewo. Pofika nyimbo yachitatu mababu anali atafiira, matabwa atatentha, ndipo ndinamva fungo. Ndinalizindikira nthawi yomweyo: masese owawasa, utsi wa fodya, bala yonse ya pa Chonde italowa m'nyumba ya Mulungu.

Amayi a kutsogolo anayamba kukokera nsonga za zitenje kumphuno. Maso awo sanapite pa ampu. Ndani angaganizire bokosi? Anapita pa nkhalamba yachilendo imene inakhala pamene fungo linkachokera, thukuta lili kamukamu, maso ofiira ndi kutentha. Bambo amene anayandikana nawo anasendera. Winanso anasendera. Posakhalitsa amalume anatsala okha kumapeto kwa benchi, dzanja lili pakhoma, atagwira pulagi kuti gitala langa lisaleke kulira. Zala zanga zinkayenda zokha, koma mumtima ndinkapempha kuti magetsi azime. Tsiku limenelo, mwa masiku onse, sanazime.

Titatuluka, mwini mbeta anatiitanira kuseri kwa tchalitchi. Ampu inali itazizira, ili phee ngati sinachite kanthu. Jekete la amalume ndilo linali litamwa fungo lonse.

"Ankhoswe," anatero mkuluyo motsitsa mawu, "mnyamatayu dzanja ali nalo, kungoti phokoso. Zimenezo n'zachinyamata, zimatha. Koma inu akuluakulu, kubwera m'nyumba ya Mulungu mutadzera kwina? Pamaso pa azimayi?"

Ndinatsegula pakamwa. "Bambo, fungolo si la..."

Chidendene cha amalume chinatera pa chala changa chachikulu, mwamphamvu, mpaka mawu anabwerera kukhosi. Anavula chipewa, n'kuwerama.

"Pepani, bambo. Ndalakwa ndine. Mwanayu musamuwerengere, iye n'ngwabwino."

Mkuluyo anawayang'ana, kenako anayang'ana ine mondimvera chisoni, ngati mwana amene wakula bwino ngakhale anakulira m'manja oipa. Chisoni chimenecho chinandiwotcha kuposa chipongwe chilichonse. Anati popeza avomera okha, nkhani yatha, tibwere sabata yamawa tidzakambe za chinkhoswe.

Pobwerera tinkakankha njinga pachitunda, ampu ikugwedera pakaliyala. Ndinawauza kuti ndibwerera ndikanene zoona, sindingalole kuti dzina lawo lide chifukwa cha ine. Misozi inali pafupi, ndipo ndinkalankhula mokalipa kuti isaoneke.

"Iwe, khala chete," anatero. "Ukakawauza kuti fungo ndi la chibokosi chakochi, akakufunsa kuti chimagona kuti. Ukayankha chiyani? Ine ndinakwatira kalekale, palibe amene akandilande akazi anga. Kankha njinga."

Ndinakankha. Nkhani sinathere ku Milonde. Inakwera njinga, inafika kumpingo wa amalume, ndipo kwa kanthawi analeka kuwapatsa pemphero lotsekera. Sanadandaulepo kwa ine ngakhale kamodzi. Ndikapita kukawaona ankangofunsa ngati nkhuku za chinkhoswe zapezeka.

Pa chinkhoswe ndinabwera ndi kakang'ono, ndipo kanakwanira bwinobwino pansi pa tenti. Mkazi wanga ndinamuuza zoona titangolowa m'banja. Anaseka mpaka kugwira m'mimba, kenako analeka, n'kundifunsa ngati ndikudziwa dzina limene kwawo amawatchula nalo amalume anga. Sindinafune kulimva.

Chimene sindichiiwala chinachitika madzulo a chinkhoswe, anthu akubalalika. Mchimwene wake wa mkazi wanga, pofuna kusangalatsa mlendo, anakokera amalume kuseri kwa khitchini. Ndinawatsatira chapatali. Anawapatsa botolo lokulunga m'nyuzipepala, akunong'ona kuti, "Tikudziwa kuti mwapirira tsiku lonse, ankhoswe. Akuluakulu asaone." Amalume analandira ndi manja awiri, anathokoza mwaulemu, n'kulilowetsa m'thumba la jekete lomwe lija.

M'mawa mwake amalume anafika kwathu. Ampu yaikulu inali pabalaza, nditaichotsa kubala kuja, nditaichapa ndi sopo mpaka nsalu kutuwa. Sanakhale pansi. Anatulutsa botolo lija, likadali m'nyuzipepala yake, losatsegula, n'kuliika pamwamba pa ampu.

"Ndabweretsera mwini wake," anatero, n'kutuluka kukakwera njinga.