Pulawo Yomwe Inafukula Mwana Wanga

Dzina langa mundikhululukire, sinditchula, lanunkha kale mokwanira. Ndine bambo wa ku Chiradzulu, ndipo chomwe ndinachita ndichinena poyambirira pomwe kuti musavutike n'kuganizira. Ndinafukula mwana wanga yemwe ndi pulawo ya thirakitala, masanasana, anthu akundiombera m'manja. Sindinaledzere, sindinalodzedwe, ndipo palibe anandigwira dzanja. Ndinasankha chitsulo cholakwika chokoka kumbuyo kwa thirakitala, kenako n'kutseka makutu mkazi wanga akulankhula. Banja langa linathera pamenepo. Inu owerenga, makamaka abambo anzanga amene mwagwirako kandalama n'kuyamba kulota makina, khalani pansi mumve.

Ndinakwatira chikamwini kudera la ku Mauwa. Munda, dimba ndi malo amene ndinamangapo nyumba ya malata, zonse n'za mbumba ya mkazi wanga. Tinabereka mwana mmodzi wamwamuna, Yamikani. Mkazi wanga ali ndi pakati pachiwiri ine ndinapita ku Joni, komwe ndinapeza ntchito yoyendetsa thirakitala pa famu ina. Ndili komweko inabwera foni yoti mwana wabadwa wakufa. Mwana wotero, amene timati mtayo, anthu samulira maliro. Amakamuika amayi okhaokha mwakachetechete, m'dzenje losaya, poti akuti mukakumba lakuya mayiyo sadzaberekanso. Amuna sapitako, ndipo malo ake sauzidwa. Ine ndinatumiza ya mankhwala ndi mawu opepesa, basi n'kupitiriza ntchito.

Patatha chaka ndi miyezi ndinabwerako ndi kangachepe, mutu utadzaza thirakitala. Ndinapeza kakang'ono kogwirapo kale ntchito ku Limbe, injini yake yabwinobwino. Koma thirakitala payokha ndi chinthu chongolira ndi kumwa dizilo. Ntchito imagwiridwa ndi chimene mwamangirira kumbuyo, ndipo ndalama yotsala inkangokwana chimodzi chachikulu, mwina ndi china chaching'ono. Ndisananyamuke, mkazi wanga anandiuza maganizo ake akusenda chinangwa pakhonde. Anati ndigule rija, chitsulo chija chimaunda mizere, poti anthu kuno chimene chimawathyola msana ndi mizere. Anatinso ikatsalako ndigule ngolo yoti izinyamula manyowa, njerwa ndi tomato wopita ku Mbulumbuzi, chifukwa ngolo imagwira ntchito chaka chonse. Ndinavomera ndi pakamwa pokha. Mumtima ndinkati munthu amene sanadutsepo Mwanza angandiuze chiyani za makina.

Ku sitolo ya zitsulo ndinakumana ndi kamnyamata ka tayi, zikhatho zosalala ngati za mwana wakhanda, koonekeratu kuti khasu kanangoliona pa chithunzi. Mpaka lero ndikakumbukira kumwetulira kwake, malovu amandiwawa m'kamwa. Nditatchula rija kanaseka, kakuti zimenezo n'za alimi a ng'ombe, osati bwana wochokera ku Joni ngati ine. Kananditengera kuseri n'kundionetsa pulawo ya madisiki atatu, zimbale zachitsulo zonyezimira zotalika kufika m'chiuno, kakuti imeneyi imatembenuza nthaka mpaka kukafika pa dothi lofiira. Sikanandifunse kuti munda wanga ndi waukulu bwanji, uli pamtunda kapena pachigwa, kapenanso ngati kathirakitala kangako kangaikwanitse. Inenso, chitsiru chomwe chinayendetsapo makina zaka, sindinadzifunse. Mawu oti bwana aja anandilowa ngati kachasu. Chenji chimene chikanagula ngolo ndinagulira magetsi owala apamwamba, kadenga kotchinga dzuwa ndi hutala yolira ngati ya basi. Hutala, inu owerenga! Kumunda ndinkati ndiziimbira ndani, nkhwali?

Chikomekome cha mkuyu chinaonekera tsiku lofika lomwe. Pokwera kamtunda ka kwathu, kulemera kwa pulawo kunanyamula matayala akutsogolo, thirakitala n'kuima ngati mbuzi yofuna masamba a m'mwamba. Ndinachita kumangirira matumba a mchenga kutsogolo kuti iziyenda. Mkazi wanga anazungulira chitsulocho kamodzi, n'kufunsa kuti rija ili kuti. Ndinamuyankha kuti za makina azisiyira eni ake.

Makasitomala amene ndinkawerengera sanabwere. Minda ya kuno mukuidziwa, timagawo ting'onoting'ono, apa mwala, apo mtengo wa mango, uko malire a mnzako. Nthawi yokonza minda nandolo amakhala akadali chiimire, ndipo palibe mayi angalole chitsulo chogwetsa zonse kulowa m'munda mwake. Amene anayesako anadandaula kuti pulawo yangofafaniza mizere yakale n'kusiya zibuma zazikulu, ndiye alipirenso aganyu oswa zibumazo ndi kuunda mizere ndi makasu. M'malo movomera kuti ndagula chosayenera, ndinati anthu a kuno ndi osatsegula m'maso, afunika kuonetsedwa. Ndinalengeza kuti Loweruka ndilima munda wathu wonse anthu akuonerera. Mlamu wanga Daisoni, mchimwene wa mkazi wanga, amene ankakonda kukwera pambali panga n'kumaimba hutala ija, ndiye anayenda khomo ndi khomo kuitana anthu.

Kumunsi kwa munda wathuwo, pamene umakumana ndi dimba, pali phata la nthochi. Pambali pake panali kamalo kokula ngati mphasa ziwiri kamene kanangomera udzu, kosalimidwa. Ndinali nditakaona, koma ndinkangoti ndi ulesi wa akazi. Lachisanu madzulo apongozi anga aakazi anatuma uthenga kuti pangodya ya nthochi pasafike chitsulo. Loweruka m'mawa ndikuthira dizilo, mkazi wanga anabwera pafupi, anthu atayamba kale kusonkhana, n'kulankhula motsitsa mawu.

"Bambo a Yami, pa nthochi paja musafikepo. Ndagwira mwendo wanu. Ndidzalimapo ndekha."

Inu owerenga, munthu wamkulu, wa mwana, wodziwa mwambo wa kwawo, akamva akazi awiri akuletsa malo amodzi osatchula chifukwa, amafunikanso kumuuza chiyani? Pamaso pa amuna onse aja sakanatha kunena zambiri. Ine ndinangoti ndamva, maso ali pa chigubu cha dizilo. Safunsa anadya phula, koma ine ndinaposa pamenepo, chifukwa ndinauzidwa ndithu.

Ndinayamba kulima kumtunda. Dothi linkatembenuka lofiira, fumbi kobo, ana akuthamangira m'mbuyo, amuna akuimba malikhweru. Ndinamva kukoma kumene sindinakumvepo chibadwire. Vuto linadza pofika kumunsi. Pulawo ya madisiki atatu ndi yaitali, imafuna malo aakulu okhotera. Kuti ndipewe ngodya ija ndinayenera kuinyamula, kubwerera m'mbuyo kawiri kapena katatu, matayala akutsogolo akuvinavina, ngati wophunzira kumene. Pamaso pa mudzi wonse! Daisoni anali chiimire pa chulu akukuwa kuti, "Dulani pomwepo alamu, musachite manyazi!"

Nthawi imeneyo ndinaona mkazi wanga akutsetsereka kuchokera kumtunda, akuthamanga, manja ali m'mwamba, mpango utagwa. Ndinamuona bwinobwino, ndipo naye anaona kuti ndamuona. Ndinatembenuza nkhope, n'kutsitsa pulawo mpaka pansi, n'kuponda mafuta.

Sindinamve kugunda kulikonse. Chimene ndinamva ndi malikhweru kuzima. Nditacheuka ndinaona nsalu itakulungika pa disiki yapakati, ikuzungulira limodzi ndi dothi. Inali chitenje chobiriwira chimene ndinagula ndekha ndisanapite ku Joni, choti adzaberekere mwanayo. Zina zimene zinali mumzere wa pulawo sindilemba. Zinali zazing'ono kwambiri, ndipo zinali zitamwazika.

Amayi anayamba kukuwa. Amuna akuluakulu anatembenuka n'kumachoka chamsangamsanga, poti zimenezi si zoti mwamuna aone. Koma anyamata ena, ana obadwa kwa amayi ngati ife tonse, anatulutsa mafoni n'kuyamba kujambula, akukankhana kuti aone bwino. Mkazi wanga anafika n'kugwada m'dothimo. Sanalire. Anavula chitenje chimene anavala pamwamba, n'kuchiyala, n'kuyamba kutola ndi manja, akupeta dothi ndi zala ngati akufuna mtedza wotsalira. Apongozi anathamangitsa anyamata aja ndi zibuma. Ine ndinatsika n'kusanza kuseri kwa tayala. Injini ndinaiwala kuzimitsa, inapitiriza kulira mpaka mayi wina anandikalipira.

Dzuwa lisanalowe nkhani inali itafika kale pa msika, koma itavala zovala zina. Akuti thirakitala ija ndi ya chizimba. Akuti mwanayo ndinamupereka ndekha kwa sing'anga wa ku Joni, n'chifukwa chake ndinathawa mimba isanakhwime, ndipo tsiku limenelo ndinabwera kudzatenga mafupa kuti chuma chikhazikike. Amene ankaimba malikhweru aja ndi amene ankafalitsa. Daisoni, munthu amene anandikuwira kuti ndidule pomwepo, ankauza anthu ku bawo kuti iye ankandikayikira kuyambira kale. Thu! Kutchalitchi ndikakhala pa benchi, anthu ankasendera kumapeto. Yamikani anabwera kuchokera ku sukulu akulira, anzake akumufunsa kuti iyeyo adzamupereka liti. Ndinabwereranso ku Limbe kuti mwina andisinthire chitsulocho, ndisachionenso. Kamnyamata kaja kanati katundu wokhudza dothi sabwezedwa, kenako, kopanda ndi manyazi omwe, kanayamba kundionetsa pulawo ya madisiki awiri.

Zonsezi ndikanapirira. Chimene ndinkaopa n'kutaya mkazi wanga, amene chichitikireni zija anasamukira kwa amayi ake osandilankhula. Amayi a m'mudzi anakaikanso mtayo uja kwina, ndipo patapita masabata ankhoswe a mbali zonse anakhala pansi pakhonde la apongozi. Atsibweni a mkazi wanga, amene ndi mwini mbumba, ndi munthu wofatsa, ndipo zinkaoneka kuti sakufuna banja lithe. Anati za chizimba ndi nkhani za pa bawo, iwo sakuzilabadira. Anati mwamuna sauzidwa malo a mtayo, ndiye kulakwa kwa kusadziwa kumakhululukidwa. Kenako anandifunsa funso limodzi, kuti pamene mwana wawo ankathamanga kudzandiimitsa, kodi ndinamuona?

Mkazi wanga anali atakhala pa mphasa, ndipo kwa nthawi yoyamba anadzutsa mutu n'kundiyang'ana. Ine ndinayang'ana ankhoswe anga, ndinayang'ana anthu, n'kuganiza za mbiri yanga imene inali itaonongeka kale. Ndinati sindinamuone, fumbi linachuluka.

Atsibweni anapumira m'mwamba ngati nkhani yatha bwino. Koma mkazi wanga anaimirira, n'kukonza chitenje chake, n'kulankhula mosakweza mawu.

"Atsibweni, awa si mfiti, zimenezo ndikukana ndine. Koma tinayang'anizana. Ndinabwera pano kuti akavomera, tibwerere kunyumba. Azipita kwawo."

Analowa m'nyumba. Ankhoswe anayesa kumuitana, osatuluka. Mkamwini akauzidwa mawu amenewo sipakhalanso apilo. Nyumba ya malata ija ndinaisiya, ndi mwana yemwe, poti kuno mwana ndi wa kwa mayi ake. Ndinatuluka m'mudzimo ndi chikwama ndi thirakitala, chipulawo chili lende kumbuyo, popanda ndi mmodzi yemwe wondiperekeza.

Pano ndikukhala kwa mchemwali wanga kufupi ndi Ndunde. Thirakitala ndinaigulitsa motchipa kwa munthu wa kutali amene sanamve mbiri yake. Pulawo anaikana, akuti ndi yolemera kwa makina aang'ono ngati amenewo, ndiye ili kuseri kwa khola ikuchita dzimbiri, nkhuku zikuikira pansi pake. Ndikamadutsapo ndimayang'ana kumbali. Anthu aja ndimanyansidwa nawo, kamnyamata ka tayi, Daisoni, ojambula aja, koma palibe amene amandinyansa kuposa munthu amene ndimamuona ndikamameta ndevu.

Tsono inu owerenga, ngati Mulungu wakudalitsani ndi kathirakitala, musanapite ku sitolo yendani kaye m'munda ndi mapazi, limodzi ndi eni mundawo. Onani pokhotera, onani miyala, funsani anthu ntchito imene akufuna kuti muwagwirire. Gulani chitsulo cholingana ndi mphamvu ya makina anu ndi kukula kwa minda ya kwanu, osati cholingana ndi dzina limene wogulitsa wakutchulani. Nthaka ya kumudzi si ya pa famu ya ku Joni, muli zambiri zimene anthu anasungamo, ndipo si zonse zimene mwamuna amauzidwa. Mayi akakuuzani kuti apa musafikepo, musadikire chifukwa, zimitsani injini. Ndipo zikakuonongekerani, anthu n'kukhala pansi kukufunsani, nenani zoona ngakhale zikununkha. Mkazi wanga anali wokonzeka kukhala ndi mwamuna amene anafukula mwana wake. Amene anamukana ndi mwamuna womunamiza akumuyang'ana m'maso.