Ng'ombe ya Maliro ya Bina Miyanda

Ku Namwala, achikulire akayamba kukumbutsana masiku amene fungo la dibi la ng'ombe linkafika mpaka m'nyumba, dzina la Ba Shamwiinga silichedwa kutuluka. Anali mlangizi wa ziweto, wamtali, wowonda, wa njinga yakuda imene mabuleki ake anali chidendene. Moni wake unkayambira kukhola. Akafika pamudzi ankatsamiritsa njinga pamtengo n'kulunjika kukapapasa ng'ombe kunsi kwa khutu ndi patsogolo pa phewa, kufunafuna mwanabele. Mwini mudzi ankangoima ndi mpando m'manja mpaka mkono kuwawa.

"Ba Shamwiinga, ifenso tadzuka bwinotu," ankatero eni mudzi.

"Inu muli ndi pakamwa, mukadwala munena. Nanga iyi inena bwanji?"

Denkete, nthenda ya nkhupakupa ija, ankaigwira ndi zala ng'ombe isanasiye n'kudya komwe. Chifuwa chachikulu ndiye chinali kathyali, chifukwa ng'ombe imatha kunenepa nacho. Pa chimenecho ankameta kachigamba pakhosi ndi lezala, kuyeza khungu ndi kapani kachitsulo, kubaya kajakisoni, n'kudzabweranso patapita masiku ochepa. Pakatupa, ndiye kuti ng'ombeyo yapezeka nacho, iyenera kuphedwa. Tsiku lobwereralo palibe ankamukonda. Ena ankabisa ng'ombe kudambo, iye n'kuzitsata wapansi, thalauza atapinda mpaka m'maondo.

Makola onse a m'mbali mwa mtsinje wa Kafue anawayeza, kupatula limodzi. Chala sichiloza mwini. Ankati ng'ombe zake amazidziwa ngati ana obala yekha.

M'khola limenelo munali Kaluba, ng'ombe yofiira ya nkhope yoyera, ya mkazi wake Bina Miyanda, kutanthauza amake a Miyanda. Anawapatsa ndi bambo awo ikadali msoti, chaka chimene bambowo anamwalira. Kwathu kuno munthu wodzilemekeza amasankhiratu ng'ombe yodzaphedwa pamaliro ake, kuti asadzapite ngati mlendo, ndipo Bina Miyanda anali atasankha kale. Akamakama ankaiimbira nyimbo ya kwawo, ng'ombe n'kumatsinzina.

Chaka china mayiwa anayamba kuwonda. Munthu akawonda, mankhwala ake tinkawadziwa tonse: mabisi, mkaka wosasa wa m'chipanda. Kuphitsa mkaka tinkati n'zam'tauni, za anthu amene sadziwa dzina la ng'ombe imene akumwa. Ndiye akawonda, mabisi. Akawonderatu, mabisi ena. Ndipo osati a ng'ombe wamba, koma a Kaluba okha. Mphamvu zokamira zitawathera, Ba Shamwiinga ankadzuka okha kukawakamira, akudziona ngati mwamuna wachikondi kwabasi.

M'mawa wina pachitsime mayi anapempha kuti awatwike ndowa. Potsitsa dzanja, zala za bambo zinakhudza pakhosi, kunsi kwa khutu, ndipo zinaima pomwepo. Panali timibulu tolimba, tondondozana. Zala zimenezi zinali zitapapasa makosi a ng'ombe za boma lonse, koma pakhosi pa mkazi wake zinali zisanafikepo chikwatiranireni. Mantha anamugwira, manyazi n'kubwera pambuyo.

"Mukundipapasa ngati thole bwanji?" anafunsa mayi.

"Tulani ndowayo, Bina Miyanda. Tikupita kuchipatala."

Anawakweza pakaliyala. Kuchipatala anakoka timadzi pachotupacho ndi singano, n'kukatiyeza. Chinali chifuwa chachikulu, chokhala m'khosi. Namwino anapereka mapiritsi a miyezi yambiri, kenaka anafunsa mwaulemu ngati mkaka kunyumba amaphitsa. Ba Shamwiinga anangoyang'ana nsapato zawo.

Sabata yomweyo anameta makosi a khola lake lonse. Tsiku lobwerera njinga sinafunike. Anayenda ng'ombe ndi ng'ombe, ya nkhope yoyera n'kuisiya kumapeto ngati kuti kuchedwa kungasinthe kanthu. Pakhosi pa Kaluba panali potupa, potentha, poti ngakhale wakhungu akanapapeza.

Bina Miyanda anali pamkeka kuseri kwa nkhokwe, ndipo anaona nkhope ya mwamuna wawo asanayankhule.

"Musanene," anatero.

"Ndi Kaluba."

"Kapani kanuko kakalamba. Ng'ombe yonenepa choncho?"

"Ine ndi amene ndakalamba, mayi. Kapani kali bwino."

"Ndiye ndiziphitsa."

Ba Shamwiinga anapukusa mutu. Khalidwe la mkazi wawo ankalidziwa. Akanaphitsa masiku awiri, lachitatu chipanda n'kubwerera kuseri kwa chitseko. Komanso Kaluba ankapumira m'khola limodzi ndi zinzake, ndipo adzukulu ankamwera chipanda chomwecho. Mapiritsi sakanalimbana ndi nthenda yolowanso pakamwa m'mawa uliwonse.

Anaipha yekha m'bandakucha, kutali ndi mudzi, popanda ng'oma, popanda woimba. Munthu amene anaweruza ng'ombe za anthu osaphethira tsiku limenelo mpeni unamulemera. Atang'amba chifuwa anatumiza mawu kuti mayi abwere. Anabwera pang'onopang'ono, atatsamira ndodo. Mapapo anali odzaza timibulu tachikasu, tina titamera mpaka kunthiti. Nyama yonse inapita kudzenje, ndipo anthu a ku Namwala, amene satha kuona nyama ikukwiriridwa, anaima patali atagwira pakamwa.

Bina Miyanda anayang'ana mapapowo nthawi yaitali. Kenaka anagwada, nasisita nkhope yoyera ija.

"Ya atate anga," anatero motsitsa. "Mwandiphera ng'ombe ya maliro ndikadali moyo, Shamwiinga. Tsopano ndidzapita ndi chiyani?"

Bambo anapukuta manja paudzu.

"Ndiye musapite," anatero.

Mayi sanawayankhule mpaka mvula itagwa. Ndiwo ankaziika pakhomo ngati za mlendo wosafunika. Koma mapiritsi ankamwa, khosi linaphwa, ndipo pofika nthawi yokolola ankatwika okha ndowa.

Anamveradi mayiwa. Anakhala zaka zambiri, mpaka anaika m'manda Ba Shamwiinga. Pamaliropo ng'ombe zinagwa zambiri, monga kuyenera munthu wotero. Ana atawapempha kuti tsopano asankhe ina yodzapita nayo iwo, Bina Miyanda anakana.

"Yanga inatsogola kale," anatero. "Bambo anu akuiweta."