Msewu wa a Mkulu

Ku Chinsapo kumene ndinakulira, ukapita kumaliro kumudzi, pobwera unkapeza njira yako ya kumjigo yasanduka khonde la wina. Anthu ankamanga mothamanga, ndipo palibe ankafunsa mnzake.

Bambo anga, kwawo ku Mzimba, anali telala pamsika komanso mkulu wa mpingo. Nyumba yathu inali ya zipinda zitatu, chakumapeto chinali changa ndi mng'ono wanga.

Chaka china kunabwera anthu a mapulani ochokera m'tauni, atanyamula mapu ndi chingwe. Pamsonkhano wa pabwalo la sukulu anati akufuna kudula misewu mvula isanayambe, kuti madzi a m'mipope ndi ambulansi zizifika, malo otsala agawidwe mwadongosolo anthu amange. Aliyense amene nyumba yake yalowa mumsewu agumule yekha. Mayi wina anafunsa ngati thirakitala yolambula msewu idzabweredi tikagumula. Yankho linali lalitali koma lopanda mutu, ndipo manja akadali m'mwamba, dalaivala wawo anali ataliza kale galimoto.

Bambo ndiwo anaimirira. Anati sitingamakhale ngati nkhuku mpaka kalekale, maliro kumachita kudutsa chammbali pakati pa zimbudzi. Anati ayamba ndi iwowo.

Chingwe chija chinadutsa pakati penipeni pa chipinda chathu. Amayi anati tiyambe taona anzathu, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Bambo anayankha kuti mkulu wa mpingo sangauze anthu chinthu chimene iye akuchizemba. Loweruka anakwera padenga, nachotsa malata, kenako njerwa imodziimodzi, naziunjika bwinobwino kuseri. Ataona zimenezo, a mumzere wathu anatsatira: wina bafa, wina khitchini, wina kagolosale. Ife tinasamukira pabalaza. Mtsikana wotha msinkhu kumavalira kuseri kwa kabati! Zinkandinyansa, sindinganame.

Thirakitala sinabwere. Mvula inagwa, mpata uja unamera udzu, Bambo n'kumautchetcha okha ndi chikwanje. Anthu anautcha msewu wa a Mkulu. Bambo akamadutsa panjinga, anyamata a pa bawo ankawafunsa mwaulemu wonse kuti phula lifika liti. Iwo ankangokweza chipewa.

Kenako munthu wina wachilendo anayamba kukumba maziko pakati pa mpatawo, kumtunda kwathu. Bambo anapita kukamulonjera. Iye anati malowo anapatsidwa ndi eni ake a dongosolo, mapu anasintha. Amene anasintha mapuwo sitinamudziwe, ndipo palibe anabwera kudzatiuza. Mwezi usanathe nyumba inali itafoleredwa, mpanda juu.

Anzathu anabwezeretsa mabafa awo mwakachetechete. Mayi wa khitchini uja anasiya kutipatsa moni. Kutchalitchi Bambo akaimirira kulengeza za chitukuko, anthu ankayang'ana m'mabuku a nyimbo. Ichi ndicho chinkawawawa, osati chipinda. Komabe gawo lathu ankalitchetchabe, kamsewu koyera bwino kothera pakhoma la mwini. Njerwa zija zinamera ndere. Amayi akazitchula, Bambo ankati boma silithamanga, koma limafika.

Linafikadi, ine nditakwatiwa kale ku Area 25. Tsikulo ndinali nditabwera kudzazonda Amayi. Anali anyamata ena, aulemu ndithu, ndi mapu atsopano. Anati pamsonkhano afunsa kuti ndani amene anthu amamumvera kuno, woti atsogolere, koma aliyense anangoti zii. Wina ndiye anawalozera kwathu, kaya mochitira chipongwe, kaya ayi.

Bambo anawapatsa mipando, namvetsera mpaka kumapeto osawadula. Msewu watsopano unkadutsa pomwe paja. Anawathokoza, nawaperekeza mpaka panjira. Pobwera sanalowe m'nyumba. Anapita kuseri, nayamba kupala ndere panjerwa ndi mpeni.

"Bambo, mukutani?"

"Tunga madzi, mama. Tiponde dothi."

"Koma si pamsewu apo?"

Anayang'ana mpata umene anausamala zaka zonse zija, kenako khoma la kumtunda.

"Ndinagumulitsa anthu nyumba," anatero. "Sindidzachitanso."

Anamanga okha, pang'onopang'ono, anthu a mumzere wathu akuonerera. Chipindacho chinatha mvula isanagwe. Chili pomwepo mpaka lero, chotseka, poti mng'ono wanga nayenso anali atapita kubanja, ndipo panalibe woti agonemo.